Lipoti la msonkhano wa zothira m'zakudya, zotsekemeretsa ndi mavitamini

Kwa a Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Munandituma kuti ndikakuimirireni ku msonkhano wa akatswiri a zakudya ndi azaumoyo, ndipo munandipatsira mafunso awiri: ngati zakumwa zolembedwa kuti mulibe shuga zimayambitsa khansa, ndiponso ngati n'koyenera kuti tizilimbikitsa anthu kumwa mapiritsi a mavitamini. Mayankho ndabwera nawo, koma chachikulu chimene ndatolako n'chakuti takhala tikuopa mayina ovuta kutchula olembedwa pa mapaketi, pamene zimene zikudwalitsa anthu ambiri ndi shuga ndi mchere zomwe tinazizolowera.

Poyamba anatifotokozera mmene mlingo wovomerezeka wa zothira m'zakudya umapezekera. Komiti ya akatswiri yotchedwa JECFA, imene mabungwe a United Nations oona za chakudya ndi ulimi (FAO) ndi za umoyo (WHO) anaikhazikitsa mu 1956, imaona mlingo waukulu wa chinthu umene sunavulaze nyama zimene anayeserapo, kenaka kawirikawiri imagawa mlingowo ndi 100 kuti ipeze umene munthu angamadye tsiku lililonse moyo wake wonse. Manambala oyamba ndi E, amene amaimira zothira m'zakudya pa mapaketi, si chizindikiro cha poizoni ayi, chifukwa E300 ndi vitamini C basi. Komabe chilolezo chimatha kuchotsedwa: mu 2022 bungwe la European Union linaletsa utoto woyera wa E171 m'zakudya, akatswiri atalephera kutsimikiza kuti suwononga majini, tinthu ta m'maselo timene timanyamula chibadwa cha munthu. Ndipo pali zina zimene zimavuta anthu ena okha, monga masalufaiti oteteza zipatso zouma ndi vinyo, amene amatha kubanikitsa odwala mphumu.

Nkhani imene inavuta kwambiri ndi ya aspartame, chotsekemeretsa chothira m'zakumwa zopanda shuga, amene amatsekemera pafupifupi ka 200 kuposa shuga. Mu July 2023, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, IARC, inamuika m'gulu la 2B, la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa koma umboni wake ndi wochepa. Mwezi womwewo JECFA inasiya mlingo wake pomwe unali, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa munthu. Ena mwa nthumwi anati mabungwewa akutsutsana, koma tinauzidwa kuti akuyankha mafunso osiyana: loyamba limafunsa ngati chinthu chingathe n'komwe kuyambitsa khansa, lachiwiri limafunsa kuti chiyenera kuchuluka bwanji kuti chivulaze. Munthu wolemera makilogalamu 70 angadutse mlingowo pokhapokha atamwa zitini za zakumwazi zoposa 9 mpaka 14 pa tsiku. Oyenera kumupewa kotheratu ndi obadwa ndi matenda a PKU, amene thupi lawo limalephera kuphwanya phenylalanine wopezeka mu aspartame, ndipo n'chifukwa chake paketi imachenjeza za phenylalanine.

Izi sizikutanthauza kuti tizichemerera zakumwa zimenezi. Mu May 2023, WHO inalangiza kuti zotsekemeretsa zopanda shuga zisamagwiritsidwe ntchito pofuna kuchepetsa thupi, popeza sizinaonetse phindu lokhalitsa, ngakhale kuti langizoli silikukhudza amene akudwala kale matenda a shuga. Ine ndikuona kuti chofunika ndi kuzoloweretsa lilime, makamaka la ana, zinthu zosatsekemera kwambiri.

Pa zokambirana za m'magulu anatipatsa mapaketi ndi zitini kuti tiwerenge tokha. Ndinatembenuza chitini cha mamililita 330, ndipo pa timalemba tating'ono ta kumbuyo shuga anali wachiwiri kutchulidwa, pambuyo pa madzi, magalamu 35. Zosakaniza zimalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri, ndipo ili ndi phunziro losavuta limene tingapatse aliyense. WHO imati shuga wothira asamafike magalamu pafupifupi 50 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndipo ndi bwino koposa atachepera 25. Mchere usamafike magalamu 5. Ndiye kuti chitini chimodzicho chadutsa kale mlingo wa shuga wabwino koposawo. Anatikumbutsanso kuti nyama zokonzedwa monga masoseji, zimene kawirikawiri amathiramo naitiraiti woteteza kuti zisawonongeke, IARC inaziika mu 2015 m'gulu loyamba, la zimene umboni wake wa khansa ndi wokwanira, koma n'zochepa nthawi zimene timazitchula pophunzitsa.

Pa funso lachiwiri, yankho linali lakuti mavitamini ndi michere zimathandiza kwambiri amene akuzisowa, ndipo zimatha kuvulaza amene akungoonjezera. Mayi amene akufuna kutenga pakati ayenera kuyamba kumwa mamaikulogalamu 400 a foliki asidi tsiku lililonse asanaime, chifukwa njira ya msana ndi ubongo wa mwana imatsekeka m'masiku 28 oyambirira, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanadziwe kuti ndi oyembekezera. Ayironi amateteza kuchepa kwa magazi, ndipo thupi limamulandira bwino akadyedwa ndi zipatso za vitamini C, pamene tiyi womwera pa chakudya amatsekereza. Ayodini wothira mu mchere amateteza chithokomiro komanso amathandiza ubongo wa mwana kukula, ndipo zinki womwa masiku 10 mpaka 14 pamodzi ndi ORS amafupikitsa matenda otsekula m'mimba mwa ana. Koma vitamini A amasungika m'chiwindi, ndipo akachulukitsa amatha kulumalitsa mwana ali m'mimba. Chimene chinandikhudza kwambiri ndi kafukufuku wa ku Finland wa mu 1994, amene anapeza kuti amuna osuta fodya amene ankamwa mapiritsi a beta-carotene, amene thupi limamusandutsa vitamini A, anadwala khansa ya m'mapapo mochuluka kuposa amene sankamwa.

Choncho ndikupempha komiti kuti tichotse m'maphunziro athu mawu akuti zakumwa zopanda shuga zimayambitsa khansa, ndipo m'malo mwake tiikemo phunziro la kuwerenga paketi. Ndikupemphanso kuti membala aliyense asamalimbikitse munthu kugula mapiritsi a mavitamini popanda uphungu wa azachipatala, ndiponso kuti uthenga wa foliki asidi tiziupereka kwa atsikana ndi amayi asanatenge pakati. Ngati komiti ivomereza, ndine wokonzeka kukonza phunziro la mapaketi kuti tiliyesere pa msonkhano wathu ukubwerawu, ndipo membala aliyense adzabwere ndi paketi imodzi ya chakudya chimene amagula kawirikawiri.

Ine nthumwi yanu.