Lipoti la msonkhano wa kalembetsedwe ka zizindikiro za malonda kwa a kasitomu

Wapampando ndi mamembala onse,

Mudandituma kukaimira bungwe lathu pa msonkhano wokambirana za momwe eni zizindikiro za malonda angagwirire ntchito limodzi ndi a kasitomu poletsa katundu wachinyengo kudutsa m'malire. Mfundo yaikulu imene ndabwera nayo ndi yakuti satifiketi ya chizindikiro, monga imene timatenga kuno ku Malawi motsatira lamulo la Trademarks Act la 2018, payokha siingaimitse kontena pachipata. Wa kasitomu amene amayang'ana zikalata za malole ambirimbiri patsiku sangasiyanitse sopo weniweni ndi wachinyengo ngati mwini wake sanamuuze pozindikirira.

Maziko a zonsezi ndi pangano la TRIPS la bungwe la World Trade Organization, loteteza umwini wa zinthu monga zizindikiro za malonda, lomwe m'ndime 51 mpaka 60 limati mwini chizindikiro akhale ndi mwayi wopempha a kasitomu kuti agwire katundu wokayikitsa. Ku South Africa pempholi limapita kwa komishonala wa kasitomu motsatira ndime 15 ya Counterfeit Goods Act ya 1997. M'maiko a European Union nlaulere ndipo limagwira ntchito chaka chimodzi, pomwe ku America amalipiritsa madola 190 pa gulu lililonse la katundu. Koma pempho limamveka pokhapokha chizindikiro chikhale chotetezedwa kale m'dzikolo, ndipo amene timagulitsa ku Johannesburg tikumbukire kuti South Africa si membala wa ARIPO, bungwe la maiko ena a mu Africa lolembetsa zizindikiro lomwe likulu lake lili ku Harare, choncho kulembetsa kwathu kwa ku Harare sikufika kumeneko.

Tidakhalitsa pa zimene wa kasitomu amafuna kuona. Adatiyalira mapaketi awiri ofanana kwambiri, koma la chinyengo lidalibe nambala ya nthawi imene katunduyo adapangidwira, ndipo chomatira chake chidali chokhota. Zoterezi ndizo ziyenera kulembedwa m'pempho pamodzi ndi zithunzi, maina a amene tidawaloleza kuitanitsa katundu wathu, njira imene amadutsa, komanso nambala ya foni ya munthu amene angayankhe ngakhale Loweruka.

Chondidetsa nkhawa nchimene chimatsatira katundu akagwidwa. Pangano la TRIPS limapereka masiku 10 ogwira ntchito kuti mwini chizindikiro ayambe mlandu, apo ayi katunduyo amamasulidwa, ndipo mwini chizindikiroyo akhoza kuuzidwa kuti apereke chikole kuopa kuti angakhale atagwiritsa katundu wa munthu wosalakwa. Nthawi zambiri ndalama zosungira ndi kuononga katunduyo zimagweranso iye. M'kuona kwanga, kampani yaing'ono singathe kusenza zimenezi payokha.

Ndikupempha komiti kuti ikambirane zokhala ndi loya mmodzi wa tonse, ndi kuti ilembere a Malawi Revenue Authority (MRA) kupempha mkumano wokambirana momwe tingafikitsire zitsanzo za katundu wathu kwa ogwira ntchito awo pa zipata za Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe. Membala aliyense abwere ndi satifiketi yake pa msonkhano wamawa kuti tione ngati ikadali ndi mphamvu.