Banki yaikulu siingathe zonse payokha

A Mkonzi,

Sindikugwirizana ndi nkhani yanu ija yoti banki yaikulu payokha ingathetse kukwera mitengo kwa zinthu. Mphamvu ili nazo ndithu. Itakweza chiwongoladzanja, ngongole yanga ya bizinesi inayamba kundilemera, mpaka ndinasiya zogula makina atsopano. Koma katundu amene ndimaitanitsa kunja sanatsike mtengo, pakuti chiwongoladzanja sichibweretsa ndalama zakunja. Ndipo boma likamabwereka mosadziletsa, bankiyo imangotungira madzi m'dengu. Tinaona ku Zimbabwe mu 2008, kusindikiza ndalama kutazisandutsa mapepala wamba.

Aphungu aike malire okhwima pa ngongole imene boma lingatenge kubankiyi, ndipo mkulu wake azitifotokozera poyera chifukwa chake nthawi iliyonse akasintha chiwongoladzanja.

Wowerenga wanu