Tisamatenthe chakudya cha nthaka yathu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za mchitidwe wotentha mapesi umene umafala kuno ku Salima nyengo yososa ikafika.

Mapesi akaola, tizilombo tosaoneka ndi maso timawagaya, ndipo zotsalira zake, zomwe zili ndi kaboni (chinthu chimene chimapanga mbali yaikulu ya matupi a zomera ndi manyowa), zimamatirira pa tinjere ta dongo tosafika ngakhale mamilimita 0.002. Kaboni akagwidwa chotere amakhalitsa m'nthaka zaka zambiri chifukwa tizilomboto sitimupeza msanga. N'chifukwa chake makande a m'madambo a ku Lifuwu, aja amamata kumapazi dzinja n'kung'ambika ming'alu chilimwe, amasunga chonde kuposa mchenga wa ku Senga Bay, umene manyowa amangotheramo. Katondonso amagwira kaboni kudzera mu ayironi (chitsulo cha m'nthaka) yemwe amamupatsa kufiira kuja.

Koma dongo silisunga zimene silinalandire. Tikatentha mapesi, kaboni amathera m'utsi, ndipo tikamagaula ndi kuswa zibuma chaka ndi chaka, mpweya umalowa, tizilombo timadya kaboni wobisika uja n'kumuuluzira m'mlengalenga. Ine ndinasiya kutentha, ndipo pansi pa mapesi nthaka imakhalabe yonyowa mvula ikadula.

Alangizi a zaulimi atifotokozere zimenezi pa misonkhano ya m'midzi.

Mlimi wokhudzidwa,
Salima