Achinyamata athu amve za Moto, amvenso za chifundo cha Allah

Akonzi,

Ndimaphunzitsa madrasa kuno ku Chinamwali, ndipo ndapempha danga kuti ndilankhule ndi mashehe komanso makolo pa nkhani imene yakhala ikundisowetsa tulo.

Mwezi watha, mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa alifu (zilembo za Chiarabu) ali wamng'ono anandiuza kuti anasiya kuswali, osati chifukwa chokayika zoti Allah alipo, koma chifukwa akuona kuti machimo ake ndi ambiri moti malo ake ku Jahannam (ku Moto) ndi okonzedwa kale. Anandionetsa makanema amene amatumizirana pa WhatsApp, ndipo onse anali onena za chilango cha m'manda, mafunso a Munkar ndi Nakir (angelo awiri ofunsa akufa m'manda), komanso ukali wa Moto. Palibe ndi imodzi yomwe imene inatchula toba, kutanthauza kulapa.

Sindikunena kuti zimenezi tizibise, pakuti n'zoona, ndipo mtima wopanda mantha suchedwa kulowerera. Koma Qur'an siyipereka mantha okha. Mu Sura Al-Hijr, ndime 49 ndi 50, Allah akulamula Mtumiki Muhammad kuti auze akapolo ake kuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni, kenako n'kunena kuti chilango chake ndi chowawa. Chikhululuko ndicho chatsogola. Mu Sura Az-Zumar, ndime 53, amene akuuzidwa kuti asataye mtima ndi chifundo cha Allah si anthu oyera, koma omwe adzichitira okha zoipa mopyola malire. Ndipo mwa masura 114, okwana 113 amayamba ndi dzina la Allah Wachifundo chambiri, Wachisoni chosatha, mawu amene ana athu amawaloweza asanadziwe n'komwe tanthauzo lake.

Mnyamatayo ndinamufotokozera za wachinyamata amene Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anakamuzonda ali pafupi kumwalira. Atafunsidwa mmene akumvera, iye anati akuyembekezera chifundo cha Allah, komanso akuopa machimo ake. Mtumiki anamuuza kuti ziwirizi zikakumana mumtima pa nthawi yotere, Allah amampatsa munthu chimene akuyembekezera ndi kumuteteza ku chimene akuopa. Mnyamata wanga analira, ndipo anati nkhaniyi anali asanaimvepo.

Choncho ndikupempha mashehe a m'mizikiti ya ku Zomba kuno, kuyambira m'tauni mpaka ku Songani ndi Domasi, kuti pa khutba (ulaliki) ya Lachisanu ndiponso pa maliro, akatchula Moto azitchulanso khomo la toba, ndi kufotokoza momveka mmene wachinyamata amene wagwa angabwererere.

Mphunzitsi wa madrasa,
Chinamwali, Zomba