Lipoti lija ndaliona, mwana wanga

Mwana wanga,

Ndikulemba usiku uno nonse mutagona, katundu ndamanga kale. Mawa pa Park Station padzakhala chipwirikiti, iwenso maso adzakhala pa wotchi kuti uthamangire kuntchito, ndiye za kumtima kwangazi sizidzapeza mpata. Kalatayi ndaipinda m'kati mwa lipoti la amuna anga aang'onowa, lomwe lija unaliponya pamwamba pa firiji. Inde, ndinalitsitsa. Chingerezi 3, masamu 2. Ndinamvanso zimene unayankha apongozi anga Lamlungu lija, zoti kuno ku Joni mwana sabwereza kalasi, amangomukankha. Mawu amenewo ndiwo akundisowetsa tulo kuposa manambalawo.

Manambala a pa lipoti amayambira 1 kufika 7. Mwana akapeza 2 ndiye kuti ali pakati pa 30 ndi 39 pa 100. Akapeza 3 ali pa 40 mpaka 49, ndipo 4 ndi 50 mpaka 59. Kuti achoke Giredi 4 kupita Giredi 5 mwachilungamo, pafunika 4 pa chinenero chimene sukulu imachitcha Home Language, 3 pa chinenero chachiwiri, 3 pa masamu, ndi 3 pa maphunziro ena awiri. Tsono werenga wekha: mwana wako waperewera pawiri, ndipo ndi pa mizati yeniyeni. Za kukankhazo zilipodi, koma sunazimvetse. Lamulo limalola mwana kubwereza kamodzi kokha pakati pa Giredi 4 ndi Giredi 6. Akabwereza kamodziko, chaka china amapita kutsogolo ngakhale asakudziwa kanthu. Ameneyo sanakhoze, angomusuntha mpando, ndipo adzafika ku sekondale atasenza mtolo wa zinthu zosamvetsa umene palibe mphunzitsi adzakhale ndi nthawi youmasula.

Ukudabwa kuti mwana amene ankabwera ndi nyenyezi m'makope chaka chatha wagwa bwanji. Sanasinthe mutu. Giredi 4 ndi mtsinje, ana ambiri amakokoloka pomwepa. Mpaka Giredi 3 anali ndi maphunziro anayi, ndipo mphunzitsi ankamuphunzitsa kuwerenga. Tsopano ali ndi asanu ndi limodzi, maola 27 ndi theka pa sabata: 6 a chinenero choyamba, 5 a chachiwiri, 6 a masamu, 3 ndi theka a sayansi ndi zaumisiri, 3 a mbiri ndi jogalafe, 4 a Life Skills. Palibenso womuphunzitsa kuwerenga. Amangomupatsa buku kuti atolemo nzeru yekha. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anapeza kuti ana 81 pa 100 alionse a Giredi 4 m'dziko lino sankatha kuwerenga n'kumva tanthauzo, m'chinenero chilichonse. Ndiye usamadzitonthoze poona kuti anzake a pa flati pano nawonso ali chimodzimodzi.

Wathuyu katundu wake ndi wolemera kawiri. Kusukulu Chingerezi amachilemba ngati chinenero cha kunyumba, chonsecho kunyumba timayankhula Chichewa. Chachiwiri ndi Afrikaans, chimene m'nyumba muno palibe amachidziwa. Kubwalo akusewera m'Chizulu. Pakamwa pake Chingerezi chimathamanga, mpaka iwe umanyadira pamaso pa alendo, koma ndi Chingerezi cha pa foni. Lachitatu ndinamupatsa ndime ya m'buku lake la sayansi. Anawerenga mosadodoma, mawu onse bwinobwino. Nditatseka buku n'kumufunsa kuti wamva chiyani, anangoyang'ana kudenga. Vuto lonse lili pamenepo, ndipo foni imene umamusiyira kuti asakusokoneze ikulikulitsa tsiku ndi tsiku.

Chochita chake n'chaching'ono, kungoti chimafuna iwe. Mphindi 20 madzulo alionse, foni yako ndi yake zonse zili m'kabati. Awerenge mokweza tsamba limodzi. Atseke buku, akufotokozere m'Chichewa zimene zachitika. Akatha kuzinena m'Chichewa ndiye kuti wamva. Akamangobwereza mawu a m'buku ndiye kuti waloweza phokoso. Kenaka mufunse funso limodzi loyamba ndi "chifukwa chiyani", poti mafunso a m'kalasi tsopano sakufunanso dzina la galu wa m'nthano, akufuna chifukwa chimene galuyo anathawira. Mawu atsopano atatu alembe kumapeto kwa kope. Pa zolemba, m'magiredi amenewa amayembekezeka kulemba ndime yokhala ndi mfundo imodzi, kalata, nkhani yokhala ndi poyambira ndi pothera, komanso malangizo a kachitidwe ka chinthu mwandondomeko. Muuze alembe kaphikidwe ka nsima, uone ngati ufa sulowa madzi asanatenthe.

Masamu ndiwo andiwawa kwambiri, chifukwa ndaona pamene pakudontha. Ndinamulembera 403 kuchotsa 178, anandipatsa 375. Ukudziwa wapeza bwanji? Pa mzere uliwonse akuchotsa nambala yaing'ono ku yaikulu, posasamala kuti ili pamwamba kapena pansi: 8 kuchotsa 3, 7 kuchotsa 0, 4 kuchotsa 1. Sakudziwa kubwereka, makamaka pakakhala ziro pakati. Yankho ndi 225. Usamukalipire, tenga ndalama. Mapepala anayi a R100 ndi makobidi atatu a R1, umuuze akulipire R178. Adzaona yekha kuti afunika kusintha R100 imodzi kukhala ma R10, ndi R10 imodzi kukhala ma R1. Kubwereka n'komweko. Kwinanso ndi pogawa: 618 kugawa kwa 6 analemba 13, ziro wa pakati anamutaya. Mufunse kuti anthu 6 atagawana R618, aliyense angatenge R13 yokha? Adzaseka yekha. Azizolowera kuyerekeza yankho asanayambe, ndi kuchulukitsa pomaliza kuti aone ngati zabwerera.

Chaka chino akufunika manambala a madijiti anayi, kuchulukitsa madijiti awiri ndi awiri monga 34 ndi 26, kugawa madijiti atatu kwa imodzi, ndi matebulo mpaka 10 kuchulukitsa 10. Giredi 5 manambala amafika madijiti 6, ndipo amagawa kwa nambala ya madijiti awiri. Giredi 6 amafika madijiti 9, matebulo mpaka 12, kenaka madesimo ndi maperesenti. Ukuona makwerero ake? Mwana wowerenga zala pa 7 kuchulukitsa 8 sangagawe 952 kwa 28, nthawi imathera pa zala. Iwe tebulo la 7 linakuliza pakhonde paja, mpaka unabisala kuseri kwa nkhokwe, koma lero ndiwe amene umawerengera anzako ndalama za chipereganyu. Sunabadwe nazo. Tebulo limodzi pa sabata, poyenda kupita kokwerera takisi, mosakaniza osati mondondoza ngati nyimbo, chifukwa woimba nyimbo ukamufunsa pakati amayambiranso pa chiyambi.

Mafulakishoni musawayambire papepala. Iye akuti gawo limodzi la magawo 8 ndi lalikulu kuposa gawo limodzi la magawo 4, poti 8 ndi wamkulu. Dula buledi pamaso pake, umufunse kuti akufuna kugawana ndi anthu angati. Mimba idzamuphunzitsa. Madesimo akadzafika adzanenanso kuti 0,25 iposa 0,5, ndipo mankhwala ake ndi omwewo: masenti 25 ndi masenti 50. Uchenjere, kuno desimo amalemba ndi koma, R12,50, osati kadontho monga tinkachitira kwathu. Usakamukonzere zolondola n'kumusokoneza. Nthawi ya maola 24 akuiphunziranso chaka chino. Tikiti yanga ya basi ndikusiyira chithunzi chake, awerengere maola a ulendo wanga mpaka ku Mwanza.

Sayansi imayenda ndi materemu anayi: zamoyo, zinthu ndi mmene zimasinthira, mphamvu, kenaka dziko ndi zakumwamba. Zambiri zili m'khitchini mwanu momwemu. Madzi oundana a m'firiji, madzi a m'ketulo, nthunzi imene imasanduka madontho pa chivundikiro chozizira: amenewo ndi maonekedwe atatu a madzi, ndipo mvula imapangika choncho. Nyemba zimene tadzala pa thonje pawindo zija azithirira pang'ono, thonje lingonyowa. Zoyamba zinaola chifukwa anazimiza, mbewu imafunanso mpweya. Aziyeza kutalika ndi rula masiku atatu alionse n'kulemba, poti mphunzitsi amafuna tebulo la zimene waona, osati chomera chokongola. Giredi 5 kukubwera mafupa a nyama, zitsulo, nthaka ndi zotsalira zakale za m'miyala. Kumeneko ukadzapeza Loweruka, Maropeng ndi mapanga a Sterkfontein, kumene amaonetsa zotsalira zotere, sali kutali ndi mzinda uno. Giredi 6 adzasungunula mchere ndi shuga, adzasefa madzi a matope, ndipo adzalumikiza batire, mawaya awiri, switchi ndi kababu. Babu likakana kuyaka, kawirikawiri ndi pulasitiki wosasenda kumapeto kwa waya, kapena njira yaduka penapake. Magetsi amafuna njira yozungulira yopanda mpata. Ndikudziwa manja ako, udzafuna kumulanda n'kupanga wekha usiku. Usatero. Mapulojekiti ndi mayeso a m'kati mwa chaka ndiwo amanyamula gawo lalikulu la malikisi, ndipo mphunzitsi amazindikira ntchito ya bambo akangoiona.

Mbiri ndi jogalafe sindikuda nazo nkhawa kwambiri, akangodziwa kuwerenga zidzatsatira. Chaka chino ndi mbiri ya dera limene akukhala, atsogoleri monga Nelson Mandela ndi Mahatma Gandhi, mapu, ulimi ndi madzi. Mufunse kumene madzi a pampopi wanu amachokera, mufike naye ku Vaal Dam ndi mapiri a Lesotho. Chaka chamawa ndi Asan ndi Akhoikhoi, anthu akalekale a dziko lino, alimi oyamba, Egypt wakale, ndi migodi. Milu yachikasu imene timaiona kuchokera ku Turffontein kuno iye amayesa mapiri. Muuze kuti ndi dothi lotuluka m'migodi ya golide amene anapezeka mu 1886, ndi kuti agogo ake ambiri a kwathu analowa pansi pamenepo pa nthawi ya Wenela. Giredi 6 kuli ufumu wakale wa Mapungubwe, malonda, mizere ya pa mapu a dziko lonse, ndi boma la demokalase pamodzi ndi khoti la pa Constitution Hill ku Braamfontein, pamene umadutsa tsiku lililonse osatembenuka. Pa mapu a Africa ayambe walozapo Malawi ndi nyanja yake. Ndinamufunsa, analoza Madagascar. Ndinaseka, koma mumtima munandipweteka.

Life Skills usaiyese phunziro la masewera chabe. Muli zojambula ndi nyimbo, zolimbitsa thupi, komanso za kupezererana kusukulu, kusamala thupi, ndi kusintha kwa thupi akamakula. Mwana wa mlendo amamva mawu ena pabwalo la sukulu amene sabwera nawo kunyumba. Uzimufunsa amene amadya naye pa nthawi yopuma.

Ndamvanso kuti ukufuna kumugulira tabuleti ya ngongole kuti izimuphunzitsa. Mwana wanga, foni imodzi yatilanda kale mwana, ufuna kuonjeza ina yaikulu? Mabuku a boma aja a DBE, unduna wa zamaphunziro wa kuno, a masamu ndi a chinenero, amaperekedwa ulere, awiri pa chaka pa phunziro lililonse. Ake ndawapeza pansi pa bedi, masamba ambiri ali oyera. Yambani amenewo, tsamba limodzi pa tsiku. Ndalama ya tabuletiyo ugule dikishonale yaing'ono, rula, ndi nyale yotchaja ya pamene magetsi azima. Ku msonkhano wa makolo upite wekha, usamangotuma apongozi anga amene abwera atatopa kale. Ukafunse mphunzitsi kuti akuonetse pepala la mayeso lenilenilo, uone mafunso amene anasiya osayankha. Akasiya a mawu ambiri n'kuyankha a manambala okhaokha, udziwe kuti vuto la masamulo ndi kuwerenga komwe kuja.

Chichewa usachitaye. Za mapepala kuno sizidziwika mawa lake, ndipo tsiku lina mwanayu angadzapezeke ali kwathu. Kumeneko pulayimale ndi zaka 8 osati 7, chaka chimayamba mu Seputembala, ndipo pa mayeso a MANEB a Sitandade 8 Chichewa chilipo, ulimi uliponso. Kuyankhula amatha, kuwerenga ayi. Buku langa la nyimbo za kutchalitchi ndalisiya dala pa tebulo, Lamlungu aziwerenga ndime imodzi asanaimbe.

Sindikunena kuti ndiwe bambo woipa. Ndakuona ukudzuka mdima, ndaona nsapato zako. Koma mphindi 20 uli nazo, ndaziona zikuthera pa mpira wa pa foni. Lipoti la teremu yachitatu unditumizire chithunzi chake tsiku lomwe latuluka, mbali zonse ziwiri, usasankhe. Ufa wotsala uli mu ndowa yobiriwira, ndipo makiyi a geti ndawapachika kuseri kwa chitseko. Amuna angawo usawadzutse m'mawa, ndatsanzikana nawo kale, ndipo tagwirizana kuti sabata ino ndi tebulo la 6.

Ndine mayi ako.