Inu a studio ya mavidiyo ku Limbe, K48,000 yanga ija

Ku inbox mukungowerenga osayankha, ndiye tikambirane pompano anthu aone.

Chakumayambiriro kwa mwezi wathawu ndinakubweretserani matepi anayi a MiniDV (timatepi ta mu kamera ya vidiyo) a ukwati wa achemwali anga, momwe muli malemu mayi athu akuvina pa perekaniperekani. Munati K12,000 tepi imodzi, ndinatumiza K48,000 pa Airtel Money, meseji yake ndili nayo. Tinagwirizana kuti tepi iliyonse disiki yakeyake. Tsiku lotenga mwandipatsa DVD imodzi. Imodzi! Maola anayi mwawapanikiza mu disiki ya 4.7GB pomwe tepi imodzi yokha ya ola limodzi ikalowa bwinobwino mu kompyuta imadya pafupifupi 13GB, ndiye mumati zituluka bwanji?

Kufika kunyumba kuyika, nkhope zonse timabokosi tokhatokha, munthu akangosuntha m'mbali mwake mukutuluka timizere ngati mano a chipeso, ndipo anthu onse afupika n'kunenepa poti chithunzi cha 4:3, saizi ya ma TV akale aja, mwachikoka kuti chidzaze 16:9, saizi ya ma TV otambalala amakonowa. Mayi anga anali munthu wochepa thupi abale, ana aang'ono kunyumba kuno sanawazindikire agogo awo.

Koma chandipweteka kwambiri ndi mnyamata wanu wa pa kauntala uja. Ndanyamuka ku Chilomoni, K6,000 ya minibasi kupita ndi kubwera, ndafika ndikufotokoza mwaulemu iye maso pa foni, kenako akuti "matepi anuwo ndi achikale madala, mumafuna aoneke ngati DStv?" mnzake pambali n'kumaseka. Zikomo kwambiri achimwene pa phunzirolo. Chikhalirecho tepi yomweyo ndikayika mu kamera n'kulumikiza ku TV chithunzi chili bwinobwino, mpaka maluwa a pa chitenje cha mayi akuoneka. Vuto si tepi ayi. Patebulo panu ndinadzionera ndekha chingwe chachikasu chija chitalowa mu kachipangizo ka USB kotchipa. MiniDV ndi digito kale, imafuna chingwe cha FireWire, chomwe a Sony amati i.LINK, kuti vidiyo ilowe mu kompyuta momwe ilili osataya kanthu. Nditamufunsa za FireWire akuti "ndi chani chimenecho, bwana kulibe mubwere mawa". Akatswiri a mavidiyo amenewo, chikwangwani chachikulu panja.

Anzanga amene muli ndi matepi a ukwati kapena chinkhoswe kunyumba, muzifunsa kaye chingwe chomwe agwiritse ntchito ndi maola angati pa disiki musanatulutse ndalama.

Inu a studio, sankhani. Mubwereze ntchitoyi kudzera pa FireWire, tepi iliyonse disiki yake, PAL (mtundu wa vidiyo wa ma TV a kuno), 4:3 osakoka, mafayilo akenso mundiyikire pa fulashi ndibweretsa yanga, apo ayi mundibwezere K48,000 kuphatikiza K6,000 ya transipoti, yonse K54,000. Likafika Lachisanu muli chete ndikukasiya dandaulo ku CFTC, bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda, ndi ku CAMA, bungwe lomenyera ufulu wa ogula, ndipo zithunzi za disiki yanuyi ndiziponya m'magulupu onse a zaukwati a mu Blantyre muno, dzina la shopu yanu lili pamwamba.