Kwa mwana wanga amene amangoti ali bwino

Mwana wanga,

Ndalemba kalata chifukwa pafoni umandizemba. Ndikangofunsa kuti wadzuka bwanji, yankho lako ndi lomwe lija, "ndili bwino amayi," kenako wayamba kale kufunsa za msana wa bambo ako, nkhani yapita kwina. Kalata sungaidule mawu pakamwa. Khala pansi, usanjike miyendo pakampando, uwerenge mpaka kumapeto.

Mng'ono wako wafika dzulo, ndipo usamukalipire, sanafune kunena, ndachita kumupanikiza ine. Akuti nsapato zako zonse zakana, ukuyendera za amuna ako. Akuti mphete munachita kuivula ndi sopo. Akuti masiku atatu onse amene anakhala kwanuko unali womanga kansalu kumutu, kumwa mapiritsi m'mawa ndi madzulo, koma uli chiimire pochapa. Ndipo chimene chandisowetsa tulo, akuti tsiku lako la sikelo ya amayi oyembekezera linadutsa sabata yatha iwe osapita, eti poti pamzere pamakhala anthu ambiri ndipo palibe chachilendo chimene akakuuze. Unayamba liti kudziwa zimene anamwino akakuuze usanafike n'komwe?

Sindikufuna kukuopseza ndi chilichonse chimene thupi lako likuchita. Zambiri mwa zimene ukumvazo n'zodziwika, tonse tinadutsamo. Mwezi wachisanu ndi chitatu ndi wotopetsa, palibe amene angakunamize. Msana umawawa chifukwa katundu yense ali kutsogolo ndipo mfundo za m'chiuno zikufewa kukonzekera njira. Kukodza kumakhala kwa pafupipafupi chifukwa mwana watsamira chikhodzodzo, ndipo nthawi zina ukayetsemula kapena kuseka timadontho timathawa tokha. Usachite nazo manyazi, ine ndili ndi mimba yako ndinkaopa kuseka pagulu. Chilungulira chimabwera chifukwa chiberekero chakankhira chifu m'mwamba. Idya pang'onopang'ono koma kangapo patsiku, pewa zamafuta ambiri madzulo, usagone utangodya, ndipo kumutu uikeko mapilo awiri. Mapiritsi owonjezera magazi aja amadzimbitsa komanso amadetsa chimbudzi, ndikudziwa, koma chimenecho si chifukwa chowasiyira. Imwa madzi ambiri, uziyendako pang'ono. Akatumba a mwendo akakokana usiku, wongola mwendowo, kokera zala zakuphazi chakumaso kwako, amasiya. Ngakhale kutupa kwa mapazi madzulo, kuja kumaphwa ukagona usiku, n'kwa amayi ambiri oyembekezera.

Koma mphete ija. Mphete ndi mutu umenewo. Pamenepo ndiye mtima wanga waima.

Mayi ako aang'ono umawaona mmene amachokera pamalo nkhani za mimba zikayamba. Iwe unali ndi zaka 6, sungakumbuke zambiri, mwina umangokumbuka kuti ndinakusiya kwa agogo ako sabata yathunthu. Inali mimba yawo yoyamba, ngati iweyo, miyezi yakenso yomweyi. Anatupa nkhope, anatupa manja, ife n'kumawayamikira kuti mimba yawakonda, anenepa. Ankati mutu sukusiya. Ankati m'maso mukudutsa tinthu tong'anima ngati ziphaniphani. Tsiku lina anandiuza kuti pansi pa nthiti, mbali yakumanja, pakuwawa, ine n'kuwayankha kuti n'chilungulira chimenecho, pirira, ndi mmene zimakhalira. Ndine amene ndinanena mawu amenewo, ndi pakamwa panga pomwe pano. Patapita masiku awiri anagwa ali pophika, thupi lonse kugwedezeka, lilime ataliluma. Iwo anawapulumutsa. Mwanayo sitinabwere naye kunyumba.

Sindinakuuzepo nkhaniyi mwatsatanetsatane chifukwa imandichititsa manyazi. Lero ndakuuza.

Kuchipatalako mzamba wina anandikhazika pabenchi n'kundifotokozera, ndipo zimene ananena zinakhazikika m'mutu mwanga mpaka lero. Ndi matenda a kuthamanga kwa magazi obwera ndi mimba, amayamba mimba ikadutsa masabata 20, ndipo amakonda kwambiri chakumapetoku. Gwero lake lili pa nsengwa, ija imadyetsa mwana m'mimba, choncho si kuti munthu walakwa kanthu kapena waganiza kwambiri ayi. Amagwira kawirikawiri amayi a mimba yoyamba, komanso amayenda m'magazi pabanja. Choipa chake n'chakuti munthu ukhoza kukhala nawo ukudzimva wamphamvu, ukusesa ndi kuchapa. Amene amawaona ndi makina aja amamanga pamkono, ndi kuyeza mkodzo ngati muli mapuloteni. Nambala ikafika 140 pamwamba kapena 90 pansi, anamwino samazitenga mwachibwana. Akawapeza msanga pali mankhwala otsitsa magazi, pali jakisoni woletsa kukomoka, ndipo zikavuta amathandiza kuti mwana abadwe nthawi yake isanakwane, mayi ndi mwana n'kutuluka onse amoyo. Zonsezo zimatheka kwa munthu amene wafika. Amene wakhala kunyumba n'kumati ali bwino, amuthandiza bwanji?

Sindikunena kuti uli nawo. Mwina ndi kutopa chabe, mwina ndi kusagona. Ine si dokotala, ndipo iwenso si dokotala, n'chifukwa chake ndikuti pita akakuyeze. Osati tsiku lina, osati akalandira amuna ako, osati ukamaliza kukonza kuchipinda kwa mwana. Ukangomaliza kuwerenga kalatayi, tenga buku lako la sikelo, nyamuka. Ukafika usakakhale phee kumapeto kwa mzere monga umachitira. Ukanene pakhomo pomwepo kuti mutu wakhala ukundiwawa masiku angapo osasiya, manja ndi nkhope zatupa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, palibe namwino amene angalote zimene zili m'mutu mwako.

Khalidwe limeneli unayamba kalekale. Ukukumbuka utapsa ndi madzi otentha pantchafu, n'kubisa masiku atatu, mpaka ndinachita kuona ndekha kuti ukuyenda motsimphina ndipo diresi lamatirira pabala? Nditakufunsa unati sunafune kundivutitsa. Kamwana ka zaka 9! Ndinakukalipira, koma usiku ndinalira, chifukwa ndinadziwa kumene unatengera. Unatengera ine. Ndinakuphunzitsa ndi zochita zanga kuti mkazi salira, sadandaula, amadzuka ngakhale thupi likukana. Anthu amakuyamikira nazo, apongozi ako amati anapeza mwana wolimba, inenso ndimanyada. Koma kulimba kumeneko pa mimba iyi kusiye kaye. Suli wekha m'thupimo.

Za mzere wautaliwo usandiuzenso. Masiku athu tinkapita kusikelo maulendo ochepa. Tsopano, kuyambira 2016, a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amalangiza maulendo 8, ndipo 5 mwa amenewo ali m'miyezi itatu yomalizayi. Sanawaunjike kumapeto mwangozi. Nthawi imene iwe watopa kuyenda ndi yomwe akufuna azikuona pafupipafupi, kuti aone magazi, amve mtima wa mwana, aone ngati wagona mutu pansi.

Mapiritsi amutuwonso. Mng'ono wako sanaone kuti ndi ati, ndipo ine ndikuopa. Ibuprofen, uja amati Brufen, si woyenera pa miyezi yomalizayi, amatha kuvulaza mwana. Ndipo mutu umene ukubwererabe utamwa mankhwala si wongouziziritsa ayi, ukukuuza kanthu. Chimodzimodzi zilizonse zimene anzako angakupatse kuti eti zifewetse njira kapena zifulumizitse matenda a kubereka, usalawe ngakhale dontho. Ndikudziwa masabata omaliza amatalika ngati chaka, ndipo alangizi amachuluka, aliyense ndi nzeru zake. Mimba imawerengedwa masabata 40, ndipo mwana wobadwa kuyambira sabata ya 37 amakhala wakhwima. Tsiku limene anakulembera m'bukumo n'longoyerekeza, ana ochepa okha ndi amene amabadwa pa tsiku lenilenilo. Iwe unadutsitsa masiku, mpaka bambo ako anayamba kunena kuti mwanayu wamva za mavuto a kunja kuno, wakana.

Akusewera bwanji m'mimbamo? Uzimumvetsera. Pali bodza limene limayenda kwambiri lakuti mwana akayandikira kubadwa amachepetsa kusewera chifukwa malo achepa. Kasewere kake kamasintha, inde, m'malo momenya mateche amayamba kudzikoka ndi kugubuduka, koma sasiya. Iwe ndiye ukudziwa nthawi zake. Tsiku limene uone kuti wachepetsa kapena wakhala chete mosiyana ndi masiku onse, usadikire kuti kuche, usanene kuti wagona. Pita. Ukaona magazi, pita. Nsupa ikasweka, kaya madzi atuluka ambiri kaya akungodontha, pita ngakhale usakumva kuwawa. Thupi likatentha, pita. Mimba kumangika n'kumasuka mwa apo ndi apo, kosiya ukasintha kakhalidwe kapena ukapuma, n'kuyeserera chabe kwa chiberekero. Matenda enieni a kubereka amabwera motsatana, kuyandikirayandikira, kukulirakulira, ndipo sasamala kuti wagona kapena waima. Koma ngati ayamba panopa, masabata 37 asanakwane, usakhale n'kumawerengera, nyamuka. Kuli bwino akakubweze kuti sizinayambe, ubwere ukuseka wekha. Ine anandibweza kawiri pa mimba ya mlongo wako ndipo sindinafe ndi manyazi.

Pogona uzigonera cham'mbali. Chagada chiberekero chimapsinja mtsempha waukulu wobwezera magazi kumtima, n'chifukwa chake ena amamva chizungulire akagona choncho, ndipo mwananso magazi amamufika mochepa. Ika pilo pakati pa mawondo ndi ina pansi pa mimba. Ukadzidzimuka usiku n'kupeza uli chagada usachite mantha, ingotembenuka basi.

Tsopano za amuna ako. Ndi munthu wabwino, sindinawapezepo chifukwa, koma mwamuna amakhulupirira zimene wauzidwa. Ukamawauza kuti uli bwino, iwo amapita kuntchito mtima uli m'malo. Ndiye usadzawadandaule kuti sakuthandiza pamene iwe ukuwalanda ndowa m'manja. Mng'ono wako akuti amuna akowo anafuna kukolopa iwe n'kukana, eti sakolopa bwino m'makona. Makona! Asiye akolope mokhotakhota, nyumba siigwa. Zovala zidikire, mbale zigone m'beseni, alendo akabwera adzithire okha madzi. Amene akufuna kudzakuweruza ndi fumbi la pawindo pa miyezi imeneyi asabwere. Ndipo uwawerengere amuna akowo ndime ija ya mayi ako aang'ono, adziwe zizindikiro zake: mutu wosasiya, maso kuchita mdima kapena kuona zong'anima, kutupa nkhope ndi manja mwadzidzidzi, kuwawa pansi pa nthiti, kusanza, kubanika. Munthu akafika pokomoka sadzinenera yekha, amene ali pambali ndiye ayenera kudziwa chochita. Adziwenso kuti matenda a kuthamanga kwa magazi aja amatha kubwera ngakhale utachira kale, m'masiku ndi masabata oyambirira mwana atabadwa.

Chikwama walongedza? Usandiyankhe kuti nthawi ilipo. Zovala zako, za mwana, zofunda, buku la sikelo pamwamba penipeni, chikhale pafupi ndi chitseko. Mugwirizane lero kuti zikayamba pakati pausiku muyenda pa chiyani, aimbira ndani, ndipo woyambayo akapanda kuyankha wachiwiri ndani. Ndalama ya ulendowo muiike payokha, isakhudzidwe ngakhale m'nyumba mutavuta bwanji. Foni izigona ndi moto.

Ndikudziwanso kuti usiku sugona, ndipo si chikhodzodzo chokha. Nthawi imene nyumba yonse ili zii m'pamene maganizo amabwera: ndidzatha kodi, zidzawawa bwanji, mwanayo adzakhala wabwinobwino, ndalama zidzakwana? Ine ndili ndi iwe ndinkalota maloto oopsa, tsiku lina ndinalota ndakuiwala pamsika, ndinadzuka ndikulira, bambo ako n'kumandiseka. Mantha amenewo si uchitsiru ndipo sakutanthauza kuti china chake chichitika. Koma ukaona kuti kulira kwakhala kwa tsiku ndi tsiku, chakudya sichikulowa, palibe chimene chikukusangalatsa, umuuze mzamba zimenezonso, ndi gawo la ntchito yake. Ndipo undiimbire ine, ngakhale 2 koloko usiku. Ndakalamba, tulo tanga n'tochepa kale.

Ndakukalipira kwambiri, ndikudziwa. Mako ndi mako. Tizovala tija ndamaliza kuluka, kachipewa kanatuluka kakakulu, mwina adzavala akadzayamba kukhala pansi. Bambo ako akuti ndikuuze kuti dzina ali nalo kale, ine ndawauza kuti asunge, eni ake alipo.

Ndinati ndidzabwera kumapeto kwa mwezi, koma ndasintha, ndifika Loweruka likubwerali, ndipo usakonze chilichonse, usasese, usachape makatani chifukwa cha ine. Koma usadikire ine kuti upite kuchipatala. Ukatuluka m'chipinda choyezeramo undiimbire uli pakhomo pomwepo. Sindikufuna kumva kuti "ndili bwino amayi." Utsegule bukulo undiwerengere manambala awiri amene alembamo, yapamwamba ndi yapansi, ndi zimene apeza mumkodzo.

Ndine mayi ako.